Sikipu Ili M'dzina Langa

Kensington, ku Joni
1 Sepitembala 2024

Okondedwa amake Tamanda,

Muli bwanji kumeneko ku Nabvutika, ku Chipata, inu ndi mwana wathu? Nanga atate adzuka bwanji? Ine kuno ndili bwino, kungoti kachifuwa ka mphepo ya Ogasiti sikanandisiyiretu.

Mudabwa kuti ndalemba kalata ngati munthu wakale. Pafoni ndimachita chibwibwi, ndipo ndi magetsi anu ozimazimawo timangokhalira "mukundimva, mukundimva" mpaka mayunitsi kutha. Ndiye ndizilemba papepala n'kujambula, inu muziwerenga foni ikapeza moto. Zina muziwawerengera atate, zina ndi zanu nokha. Posiyanitsa mudziwa.

Monga ndinakuuzani mwachidule, abwana anga Bambo Boyd anatisiya. Ndinalowa pakhomo pano ngati wa m'munda, koma zaka zomalizazi ndine ndinkawasambitsa, kuwameta ndevu ndi kuwadyetsa. Maliro ake ndisakuuzeni. Tonse amene tinalipo sitikanadzaza ndi minibasi yomwe. Panalibe wogona pamaliro, panalibe nyimbo za usiku. Thupi anakaliwotcha, anthu anamwa tiyi, dzuwa lisanalowe aliyense anali kwawo. Ndinalira ndekha kuseri kwa galaja, ndipo ndinachita manyazi ngati ndalakwa.

Mwana wawo, amene ndimamutchula Bwana Wamng'ono, anabwera kuchokera ku Australia, anakhala masiku owerengeka n'kubwerera. Nyumbayi aigulitsa. Wandisiyira makiyi kuti ndichotse zonse, ndisese, ndipereke nyumba ili mbee, ndiyeno andipatsa zanga zotsanzikira. Ndikangotero ndikubwera, amake Tamanda, ndipo ulendo uno ndikubwera ndi chikwama chachikulu.

Munachita bwino kukawatenga atate kumudzi kuti akhale pafupi ndi chipatala. Za miyendo kutupa ndi kupuma movutikirazo zandisowetsa mtendere. Auzeni atate, a Lazarus eni ake, kuti mvula isanagwe ndikhala nditafika. Nsawawa za chalimbana chaka chino tibzala limodzi, iwo atakhala pampando kumutu kwa munda akundikalipira kuti mizere yakhota.

Ndatumiza K1,800 pafoni yanu. Mugule ufa, makala ndi mankhwala aja. Popita kuchipatala asakwerenso njinga ya hayala, munthu wotupa miyendo salendewera pakaliyala. Tengani takisi, ndalama ndi ya chimenecho.

Chithunzi chanu ndachiona. Chitenje chatsopanocho wagula ndani? Ndikufunsa chabe. Tamanda ndinamusiya akugweruka mano, lero akuoneka ngati akufuna kukupitirirani msinkhu. Zaka zitatu ndi zambiri. Ndakusowani, ndipo sindikubisa.

Ndine amuna anu,
Alfonsi

15 Sepitembala 2024

Amake Tamanda,

Moni nonse. Ndakondwa kumva kuti atate anamaliza mbale ya phala ndipo anakhalako panja kuwothera dzuwa. Ine ndili bwino, chifuwa chapita.

Sikipu yafika Lachinayi. Mufunsa kuti sikipu n'chiyani. Ndi chibini chachitsulo chachikasu, kukula kwake ngati bodi ya kalole ka kanta, koma chopanda matayala. Lole imabwera nacho n'kuchitsitsa ndi maunyolo, iwe udzazemo zinyalala, kenako idzachinyamule. Kuno ngakhale dzala amachita kubwereka, ndipo amalipira.

Lole inalephera kulowa pageti chifukwa cha nthambi za mjakaranda ndi mawaya a magetsi, choncho sikipu yakhala kunja, m'mbali mwa msewu. Msewu ndi wa khonsolo, ndiye pamafunika chilolezo. Bwana Wamng'ono analipira ali ku Australia konko, chilolezo cha sabata imodzi. Koma wosayina anafunika munthu amene ali pamalopo, ndipo munthu wake ndine.

Woyendetsa loleyo dzina lake Sipho, Mzulu wamimba yake, wolongolola koma wabwino mtima. Amanditchula Malawi. Ndamuuza kuti ndine wa ku Zambia, akuti n'chimodzimodzi. Ndinamuuzanso kuti ife Angoni tinachokera kwawo konkuno, iye n'kuseka kuti, "Ndiye mwabwerera kudzatitolera zinyalala?"

Asanandipatse cholembera anandizungulitsa sikipu yonse ngati akundigulitsa ng'ombe.

"Tamvera bwino, Malawi. Ukuona mzere uwu? Zinyalala zisapitirire apa, zikapitirira sindinyamula. Matayala ayi. Penti ayi. Mabatire, oyilo, mabotolo a gasi, firiji, zonsezo ayi. Moto usayatsemo. Koma chachikulu ndi malata a asibesitasi. Kachidutswa kamodzi kokha, kudzala sakandilola kulowa."

Ndinati, "Asibesitasi? Kwathu nyumba zofolera asibesitasi zinali za mabwana a boma."

"Kuno ndi poizoni, fumbi lake limawononga mapapo. Ndipo umvetse ichi: chilichonse chopezeka umu ndi chako. Kaya waponya iwe, kaya waponya mfiti, dzina lili papepalali ndi lako. Madzulo uzivindikira ndi neti, makoni ochenjezera magalimoto awa asachoke pamsewu, sabata ikatha undiimbire."

Ndinasayina, n'kulembapo nambala ya pasipoti. Za pasipoti yangayo mukudziwa, tisazilembe.

Galaja ndamaliza, ndi kanyumba ka zipangizo komwe. Zimene ndataya, amake Tamanda, mtima kuwawa. Mapulanga abwinobwino, matailosi, mafelemu a mawindo ongofuna penti. Bwenzi nyumba yathu itatha kalekale. Koma ndinyamula bwanji, ndipo pabodala ndikawauza chiyani? Ndimangoponya nditayang'ana kumbali.

Kwatsala m'nyumba mwenimwenimo. Ndikalimbikira, kumapeto kwa mwezi uno ndili pabasi. Munditumizire saizi ya nsapato ya Tamanda, muchite kumuyeza phazi, osangoganizira. Mukapita kumsika wa Kapata mufunsenso mtengo wa mbewu, kuti ndidziwiretu.

Wanu,
Alfonsi

22 Sepitembala 2024

Amake Tamanda,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Zoti atate akugona chokhala chifukwa akagona chagada mpweya ukuwathera, zandiopsa. Muwaikire mapilo awiri, kapena mupinde bulangete lija la ukwati wathu. Akafunsanso kuti ndibwera liti, muwauze kuti pang'ono pokha.

Pali chimene chandichedwetsa, ndipo ndikuuzani mosabisa.

Lachiwiri ndinalowa kuchipinda kwa malemu. Nditatsegula wadirobu, fungo lawo linandipeza ngati angotuluka kumene. Majekete, malaya amene ndinkasita ndekha, nsapato zimene ndinkapolisha Loweruka lililonse. Ndinanyamula mtolo woyamba mpaka kunja kwa geti. Nditasuzumira m'sikipu, mmene muli zidutswa za chimbudzi chosweka ndi makapeti owola, manja anakana. Ndinabwerera nawo mtolowo.

Ndinamuimbira Bwana Wamng'ono. Ndinati, "Bwana, zovala za atate anu agawa ndani?"

Anati, "Kugawa chiyani? Taya zonse, Alfonsi, n'chifukwa chake ndabwereka sikipu."

"Nanga achibale?"

"Kuli azakhali anga kunyumba ya okalamba ku Witbank, koma sazindikiranso munthu. Usadzivutitse."

Inu mukudziwa kwathu. Munthu akamwalira zovala zake sizipita kudzala. Abale amakhala pamphasa, uyu malaya, uyu chipewa, uyu ndodo, kuti wopitayo apite bwino ndi otsala akhale ndi pomukumbukira. Alongo awo a Bambo Boyd ali moyo, ine nditaye zovala za mlongo wawo iwo asanazione ndi maso? Munthu amene ndinamutseka maso ndi dzanja langali? Ndayesa kudziuza kuti mwambo wa eni ndi wa eni, koma mtima sukumva. Atate akanakhala pano akanachita chimodzimodzi, pajatu ndi iwo anandilera chonchi.

Ndiye Loweruka likubwerali ndipita ku Witbank ndi chikwama, akasankhe okha. Chipindacho sindichikhudza mpaka nditabwerako.

Chilolezo chinatha Lachinayi. Sipho anaimba kuti akubwera kudzanyamula, ine ndinamupempha adikire, chifukwa bedi, matiresi ndi zotsala zonse ziyenera kulowa momwemo. Anati, "Ndiye muwonjezere masiku kukhonsolo, sikipu siikhala pamsewu popanda pepala." Ndamulembera Bwana Wamng'ono, sanayankhe. Kwawoko kukacha kuno kumakhala kukuda, timangophonyana. Koma msewu wathu ndi wa zii, a khonsolo sindinawaonepo chibwerere. Masiku ochepa sangaphe munthu.

Saizi ya Tamanda ndalandira. Phazi limenelo watengera kwanu, kwathu kulibe.

Mlongo wanga Yosefina akabwera kuchokera ku Mchinji kudzaona atate, musamulole kugona pansi, ali ndi msana. Mupite inu kwa Tamanda, iye agone pabedi pathu. Pabedipo ndimapalota, musaseke.

Ndine,
Alfonsi

6 Okutobala 2024

Amake Tamanda,

Moni. Ndikudziwa kuti mwakwiya. Mawu anu a pafoni aja ndinawamva bwino: atate anu akudwala, inu muli kalikiliki ndi zovala za mzungu wakufa. Sindikutsutsani. Koma werengani kaye mpaka kumapeto, ndiyeno mukwiye bwino.

Ku Witbank ndinapita. Alongo awo a Bambo Boyd ndinawapeza panjinga ya olumala pafupi ndi windo, kamunthu kochepa ngati mwana wa giredi 3. Nesi anandiuza kuti sayankhula. Ndinagwada, n'kumatulutsa zovala chimodzichimodzi. Malaya anangowayang'ana. Jekete la kutchalitchi anangoliyang'ana. Nditatulutsa juzi yobiriwira imene malemu ankavala m'munda, yong'ambika pachigongono, anaigwira, anaiika kumphuno, n'kunena kuti, "Robbie." Ndi dzina la paubwana la malemu, ine zaka zonsezi sindinalimvepo. Anaikumbatira osafunanso china. Zotsalazo nesi anagawira nkhalamba zina za momwemo ine ndikuona, ndipo wina anavaliratu chipewa pomwepo. Mtima wanga unakhala pansi.

Takisi yomaliza inandisiya, ndinagona kwa mlonda wa pamenepo, n'kubwerera Lamlungu masana.

Sikipu ndinaipeza itatundumuka kupitirira mutu wanga. Kunali kumapeto kwa mwezi, anthu akuyeretsa m'makomo mwawo, ndiye anaona dzala laulere lopanda mwini. Neti anaidula, makoni anaba. Matayala, zitini za penti zina zikudontha, firiji yathunthu, ndipo pamwamba pa zonse mulu wa malata a asibesitasi ophwanyikaphwanyika. Ndinakhala pansi pamsewu pomwepo.

Lolemba kunabwera mayi wa kukhonsolo. Anali waulemu ndithu. Anayang'ana tsiku la pachilolezo, anajambula zithunzi, anamata pepala pasikipu, lina anandipatsa m'manja. Sanalakwe, ndi ntchito yake. Ndinamuuza kuti si ine ndinaponya. Anati, "Ndikukhulupirirani, bambo. Koma wosayina ndinu."

Ndinayenda khomo ndi khomo kufunsa. Palibe anaona kanthu, msewu wonse unali m'tulo masana. Nyumba ya pakona galaja yake ili ndi denga latsopano lonyezimira, lomwe sabata yatha kunalibe. Ndinaliyang'ana, n'kupitirira. Mlendo ngati ine akaloza chala, amayamba kufunsidwa ndi iyeyo.

Sipho anabwera, anazungulira sikipu, anaimba kaluzu. Sanandiseke. Anati, "Ichi sindingachikhudze, Malawi. Asibesitasi amachotsa anthu ake a chilolezo, ovala zoyera mpaka kumutu. Mpaka atachotsa, sikipu ikhala pano, ndipo iwenso ukhala pano."

Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndine amene. Ndikanamulola Sipho kunyamula tsiku lake, bwenzi pano ndikudya mango a ku Nabvutika. Komanso ndikakumbukira mayi uja atakumbatira juzi, sindidziwa kuti ndidzitukwane kapena ayi.

Atate muwawerengere za ku Witbank zokha. Ndatumiza K900, ndi imene ndinali nayo. Nsapato za Tamanda ndagula, zili pansi pa bedi langa.

Musandikwiyire nthawi yaitali, kuno ndilibe wina.

Alfonsi

20 Okutobala 2024

Amake Tamanda,

Ndili moyo, ndili bwino. Pepani kuti munandifunafuna osandipeza.

Foni inali yozima chifukwa ndinali kwina. Anandiitana kuti ndikafotokoze za sikipu, ndipo pofotokozapo anafunsanso za mapepala anga okhalira kuno. Ndinagona kumeneko masiku angapo. Ndatuluka, bambo mfumu a kutchalitchi chathu kuno anandiimirira. Pasipoti yatsala komweko mpaka nkhani ya sikipu ithe. Musafunse zambiri, ndidzakuuzani tili pamphasa. Atate asamve, ndi Yosefina yemwe, mukudziwa pakamwa pake.

Bwana Wamng'ono anakalipa mpaka foni kutentha. Atatopa anavomera kulipira anthu a asibesitasi aja ndi chindapusa cha kukhonsolo. Koma anthuwo ndi ochepa, ali ndi mzere wautali, akuti tidikire. Matayala, penti ndi firiji ndachotsa ndekha, Sipho anandipezera mnzake wa galimoto ya bodi amene anakazisiya kumalo ake oyenera.

Tsopano ntchito yanga ndi kulondera. Ndatulutsa mpando wa malemu, ndimakhala pageti kuyambira m'mawa, kuti wina asaponyenso kanthu. Munthu wamkulu ndi ndevu zake, mlonda wa zinyalala za eni. Ana a sukulu akamadutsa amandipatsa moni, akuganiza kuti ndikugulitsa.

Mijakaranda yachita maluwa msewu wonse. Akugwera m'sikipu momwemo, pamwamba pa asibesitasi. Ndikawaona ndimakumbukira tsiku lija ndinakuperekezani kuchokera kumsika wa Kapata, ine nditakunyamulirani dengu la tomato, inu mukukana kundiuza dzina. Munandiuza kuti ndinu Yosefina, osadziwa kuti ndi dzina la mlongo wanga. Zoti ndinu Tereza ndinachita kumva kwa anzanu.

Mawu a atate amene munajambula ndawamvera. "Alfonsi, mitambo yayamba kuno. Iwe uli kuti?" Mawu aang'ono chonchija, munthu amene akaitana ng'ombe kudambo mudzi wonse unkamva. Ndimawamvera m'mawa, ndimawamvera masana, ndipo nthawi zonse ndimayankha ngati andimva. Ndikuopa, amake Tamanda. Ndikuopa kuti sindiwapeza.

Muwagwire dzanja m'malo mwanga. Muwauze kuti ndili m'njira, si bodza lenileni.

Wanu yemwe uja,
Alfonsi

3 Novembala 2024

Okondedwa amake Tamanda,

Moni wa chimwemwe lero. Muli bwanji? Atate bwanji? Zoti asiya kudya ndipo maso sakuonanso bwino ndazimva, koma mwina akamva nkhani iyi alimba mtima.

Anthu a zoyera aja anabwera Lachisanu. Anatchinga msewu ndi tepi, anathira madzi pamalatawo kuti fumbi lisauluke, anawakulunga m'mapulasitiki okhuthala, n'kundipatsa pepala losonyeza kuti achotsa. Eni nyumba ya pakona anaima pageti pawo kuonerera, manja m'thumba. Ndinawapatsa moni.

Bedi ndi matiresi ndaponyamo, nyumba ndasesa, ndakolopa. Mzere uja sindinapitirire ngakhale ndi chala. Kwatsala kuti mayi wa kukhonsolo adzaone n'kusayina, Sipho anyamule, ine ndikatenge pasipoti. Akuti sabata ino kapena yamawa.

Dzulo kunabwera Bizwell, mnzanga wa ku Kapata uja amayendetsa thiraki, amene tinkaimba naye kwaya. Akunyamuka mawa ndi katundu wa ku Lilongwe, adzera pabodala la Chanida, ndiye asanakawoloke pa Mwami adzaima ku Chipata. Nditamufotokozera za atate anati, "Amwene, kwerani. Pabodala mudzagona kuseri kwa mpando, ndidzakufunditsani bulangete. Ena amatero."

Ndinaima nthawi yaitali ndikuyang'ana thirakiyo. Chitseko chinali chotsegula, ndipo mkati munkanunkhira kwathu, anali ndi nsawawa zokazinga m'kapepala. Koma mabodala atatu popanda pasipoti, akandigwira ku Zimbabwe kapena ku Mozambique, mudzandiona chaka chamawa, ndipo Bizwell ntchito idzamuthera. Ndakana. Ndikhulupirira sindinalakwenso.

Ndamupatsa kachikwama. Muli nsapato za Tamanda, shuga, mafuta opaka miyendo ya atate, ndi kanthu kanu kamene musatsegule pamaso pa Yosefina. Akafika mum'phikire tiyi, ndipo mumulowetse akawaone atate, awauze ndi pakamwa pake kuti wandiona ndi maso, ndili bwino, ndikubwera m'mbuyo mwakemo.

Mbewu gulani, musadikire ine, mitengo ikwera mvula ikangogwa. Denga la kuchipinda kwa atate lija limadontha pakona, mupemphe wina akwerepo aike phula.

Ndayamba kale kulongedza. Ndapeza kuti zaka zonsezi katundu wanga ndi wokwana chikwama chimodzi, china chija ndi cha inu nonse.

Amuna anu,
Alfonsi

14 Novembala 2024

Amake Tamanda,

Moni. Sindifunsa kuti mwadzuka bwanji, ndikudziwa. Ine ndilipo.

Pafoni Lamlungu, mutandiuza kuti atate atisiya, munangomva kupuma kwanga. Lachiwiri pamene munkawaika atate kumudzi, ine ndinali pampando uja pageti. Ndinavala malaya oyera. Ndinaimba ndekha nyimbo ziwiri zimene ndinaganiza kuti mukuimba kumeneko.

Mayi wa kukhonsolo anasayina Lachiwiri lomwelo madzulo. Sipho ananyamula sikipu dzulo m'mawa. Nditamuuza za atate, anavula kapusi, n'kuzimitsa injini. Sananditchule Malawi, anafunsa dzina langa. Pamene panali sikipu patsala chibanga cha udzu wofa, ndathirapo madzi.

Pasipoti andibwezera, ndi chidindo choti ndisabwerenso kuno kwa zaka zingapo. Sindikudandaula. Makiyi ndapereka, Bwana Wamng'ono watumiza zanga. Basi inyamuka Loweruka, ndidzera ku Lusaka, Lolemba ndidzakhala nditafika.

Tsopano za uthenga wanu, umene mukupepesa. Mwati Bizwell atafika Loweruka munamulowetsa monga ndinapempha. Mwati atagwada pafupi ndi bedi, atate anamva kuti wachokera ku Joni, anapapasa mpaka anapeza dzanja lake, n'kunena kuti, "Wafika, mwana wanga." Mwati Bizwell anakuyang'anani, inu munagwedeza mutu, iye n'kuyankha kuti, "Ndafika, atate." Mwati sanalisiye dzanjalo mpaka tulo tinawatenga, ndipo thiraki inagona pamsewu katundu wa eni akudikira.

Mukupepesa chiyani, Tereza? Ndawerenga mawu amenewo ndikulira, ndipo nsanje inandigwira, sindinama. Dzanja limenelo linali langa. Koma atate anapita akudziwa kuti mwana wawo anabwera mvula isanagwe, monga analonjeza. Chimene ine ndinalephera inu munachikonza ndi kugwedeza mutu kamodzi. Musadzapepesenso.

Mwafunsanso za zovala, kuti Yosefina ndi amalume akufuna kubwerera ku Mchinji poti mvula yagwa ndipo minda ikudikira, koma akuopa kugawa ine kulibe. Auzeni agawe. Asadikire munthu, kudikira ndakuona kumene kumathera. Akhale pamphasa mawa lomwe, aliyense atenge chake, apite akabzale.

Gawo langa, kaya ndi jekete kaya ndi chipewa, mumusungire Bizwell. Akamabwerera kuchokera ku Lilongwe adzaima pa Mwami, ndidzapita ndekha kukamupatsa. Ndi iye anali mwana pa ola limenelo.

Lolemba musabwere kusiteshoni, ndipo Tamanda asajombe kusukulu. Ndikatsika ndidzakwera minibasi ya kumudzi, ndikayambe ndaonekera kwa atate. Kwanu ndifika madzulo.

Ndine amuna anu, amene akubwera,
Alfonsi